MLANDU WA MALO: TIFUNSIDWE IFE ENI NTHAKA

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse kuno kuseri kwa Phiri la Mulanje, inu a kwa Nazombe, kwa Nkhulambe, kwa Mkhumba, kwa Kaduya, kwa Jenala ndi kwa Chiwalo: Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nthaka, pakuti munthu wa kumudzi alibe banki ina koma munda wake. M'mundamo ndimo muchokera nsima, ndimo muchokera fizi ya mwana, ndimo muchokera ndalama ya sopo ndi mchere.

Mau athu ndi awa. Kuyambira tsiku limene Mzungu woyamba analemba chikalata cha malo m'dziko muno kufikira lero, malamulo a nthaka asinthidwa kambirimbiri. Anawasintha Bwanamkubwa ku Zomba, anawasintha Mtsogoleri wa Dziko, awasintha aphungu ku Lilongwe. Koma silinachepo tsiku limene mlimi wa ku Migowi kapena wa ku Chiringa anapatsidwa kapepala ka voti nauzidwa kuti: gamula iwe, munda uwu ndi wa yani? Inde, makomishoni anayendayenda m'maboma kudzamva maganizo athu. Koma kumvedwa ndi kwina, kugamula ndi kwina. Ife tikuti nthawi yakwana yoti mau oteteza munda wa munthu wamba alowe m'malamulo akulu a dziko, ndipo alowemo ndi voti ya anthu onse, kuti pasadzapezekenso wina wowachotsa tiri m'tulo.

MMENE MLANDU UNAYAMBIRA

Akulu anati mlandu suola, ndipo uwu ndi wakale. Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Pa nthawi imeneyo Azungu amalonda ndi olima khofi anali atayamba kale kunena kuti anagula malo kwa mafumu, wina ndi nsalu, wina ndi mikanda, wina ndi mfuti ndi wonga. Kuyambira 1892 Harry Johnston, mkulu wa Boma la atsamunda, anayamba kuwapatsa zikalata zimene iwo ankazitcha Certificates of Claim. Ndi zikalata zimenezo maekala oposa 3,500,000 m'dziko lonse anasanduka a makampani ndi a Azungu owerengeka, ndipo mwa amenewa oposa 800,000 anali kuno ku mapiri a kum'mwera, kumene nthaka iri yachonde ndi mvula iri yokwanira.

M'zikalata zambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Mu 1903 woweruza wa Boma lomwelo, dzina lake Nunan, anagamula kuti anthu a m'midzi yoteroyo sayenera kulipira lendi kwa mwini esiteti. Chigamulo chinali chabwino, koma chinatsala pa pepala. Ndipo makolo a ambiri a ife, Alomwe, anaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi zikalatazo zitalembedwa kale. Eni maesiteti anati: awa ndi obwera, mau aja sawakhudza. Ndi mmene linakulira thangata, nchito yopanda malipiro yogwirira malo ogona ndi kamunda. Kampani ya A. L. Bruce, imene inali ndi esiteti yaikulu ya Magomero kumene kunagwa mkwiyo wa John Chilembwe mu January 1915, inalinso ndi esiteti ku Likulezi, m'tsinde mwa phiri lathu lomweli.

Nanga malo otsala, amene sanagwe m'manja mwa eni maesiteti? Lamulo la 1936 linati amenewo ali m'manja mwa Nduna ya ku London yoyang'anira maiko a atsamunda, kuti itisungire ife. Taonani abale: munda wolima ife, manda a makolo athu ali pomwepo, koma wosunga ali kutsidya kwa nyanja ya mchere.

Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza mabvuto a malo, ndipo pambuyo pake Boma linayamba kugula maesiteti ena ndi kukhazikapo anthu. Koma zinayenda pang'onopang'ono, kufikira mu 1953 mwazi unakhetsedwa ku Thyolo. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, zaka makumi asanu ndi awiri chilembedwere zikalata za Johnston.

UFULU UNABWERA, DZANJA LINATSALA

Mu 1964 tinalandira ufulu, ndipo mu 1965 kunabwera lamulo latsopano la malo. Linagawa nthaka patatu: malo a Boma, malo a munthu payekha, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Za malo a makolo linanena mau okoma, kuti ndi chuma cha anthu a Malawi mosakayika. Koma pomwepo linapitiriza kuti malowo ali m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko mpaka kalekale. Nduna ya ku London inachoka, mpando wake wosungira ena unatsala, nakhalapo wina.

Pansi pa lamulo limenelo Nduna ya za malo inali ndi mphamvu yodula malo a makolo ndi kuwapereka kwa munthu pa lizi. Ndipo lizi ikatha, malowo sanali kubwerera ku mudzi umene anachokera iai, anali kusanduka a Boma. Mu 1970 maesiteti a lizi sanali kufika 300. Pofika 1989 anali oposa 14,000, ambiri a iwo a fodya m'chigawo cha pakati. Chotero mudzi unali kutaya malo kamodzi, osadzawaonanso.

Tisaiwalenso lamulo lolanda katundu la 1966. Dzina la munthu likangolembedwa, nyumba yake, sitolo yake ndi munda wake zinali kupita ku Boma, ndipo bwalo la milandu linalibe mau. Lamulo limeneli linapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, mwa dongosolo lake lonse. Wina akakuuzani kuti lamulo la aphungu ndi lokwanira kuteteza munda wanu, mumkumbutse kuti lolanda lija linalinso la aphungu.

ZIMENE MALAMULO AKULU ANENA

Pa 14 June 1993 ife anthu wamba tinafunsidwa. Panali nyali, panali tambala, ndipo oposa 60 mwa anthu 100 ali onse anasankha nyali, ndiko kuti zipani zambiri. Imeneyo ndiyo riferendamu yokhayo imene dziko lino lachitapo. Funso linali la zipani, silinali la nthaka. Koma kuchokera m'voti imeneyo munabadwa malamulo akulu a dziko a 1994, amene anakhazikitsidwa kotheratu mu 1995, ndipo lamulo lolanda katundu lija linafa m'nyengo yomweyo.

M'malamulo akuluwo muli magawo anai amene membala ali yense ayenera kuwadziwa monga adziwira malire a dimba lake.

Gawo 28 likuti munthu ali yense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi anzake, ndipo asalandidwe mwachisawawa.

Gawo 44 likuti Boma lingathe kutenga katundu wa munthu pokhapokha ngati liri ndi nchito yopindulira anthu onse, litamdziwitsa mokwanira ndi kumpatsa chipukuta misozi choyenera, ndipo munthuyo akhale ndi danga lokadandaula ku bwalo la milandu.

Gawo 207 likuti nthaka yonse ya Malawi iri m'manja mwa dziko, osatinso mwa munthu mmodzi.

Gawo 196 ndilo mpiringidzo wa chitseko. Likuti magawo ena, pamodzi ndi onse onena za ufulu wa anthu, sangasinthidwe popanda riferendamu imene ochuluka mwa oponya voti abvomera. Koma pambali pake pali kakhomo kakang'ono: ngati kusinthako sikukhudza tanthauzo lenileni la gawolo, aphungu awiri mwa atatu ali onse angathe kusintha okha.

Izi ndi zabwino, ndipo tiyamika amene anazilemba. Koma pali mpata. Malamulo akuluwo anena za katundu, koma satchula ndi dzina munda wa makolo, umene ambiri a ife tiri nawo popanda pepala. Anena kuti nthaka iri m'manja mwa dziko, koma dziko likamabwera kumudzi limabwera ndi nkhope ya munthu wa ku ofesi wonyamula mapu. Tsiku limene mapu ake atsutsana ndi mau a agogo anu, ndani adzamvedwa?

Ndiponso tawaona aphungu akugwira malamulo akuluwo kumene kulibe mpiringidzo wolimba. Gawo 64, limene linatipatsa mphamvu yochotsa phungu wosagwira nchito, linachotsedwa mu 1995. Nyumba yachiwiri ya malamulo, Seneti, momwe mafumu akanakhala ndi mipando, inafafanizidwa mu 2001 isanakhale n'komwe. Pa zonse ziwiri ife sitinafunsidwe.

CHIKALATA CHA 2016

Mu 1996 Boma linakhazika komishoni yofufuza za malo, mu 2002 kunatuluka mfundo za dziko pa nkhani ya malo, ndipo mu 2016 aphungu anabvomereza malamulo atsopano. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti banja lilembetse munda wake ndi kulandira chikalata cha umwini. Linati pakhale komiti ya malo kwa gulupu ali yense, gulupuyo ndiye wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi a m'mudzi, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amai. Linakhazikanso mabwalo oweruza milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kukwera m'mwamba. Boma lathu la Phalombe, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, linali mwa oyamba kumene kulembetsaku kunayesedwa.

Ife tikuti chikalata chimenechi ndi chinthu chabwino, ndipo amene angathe alembetse. Koma tidziwe pamene chaima. Chaima pa lamulo wamba la Nyumba ya Malamulo, limene aphungu ochuluka mwa amene alipo tsiku limenelo angalisinthe masana amodzi. Ndipo lasinthidwa kale: malamulo a 2016 anakonzedwanso mu 2022, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi. Kaya anakonza bwino, kaya anakonza moipa, chimene tikuonapo ife ndi ichi, kuti chimene dzanja limodzi lapereka, dzanja lomwelo lingathe kuchitenga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chikalata chosakhomedwa m'malamulo akulu chikali pachala.

KUMENE BOMA NDI MLIMI AKUMANA KUNO KWATHU

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ophunzira a m'tauni. Iai, ziri pakhomo pathu, ndipo titchula malo atatu.

Poyamba, phiri. Nkhalango ya Phiri la Mulanje inalembedwa kukhala ya Boma mu 1927, masiku amene anthu a m'tsinde anali ochepa. Lero kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 400,000 m'boma la Phalombe lokha. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo olemekezeka pa dziko lonse la pansi, ndipo tinyadira. Koma pamene ulemu wa phiri ukula, funso la malire likulanso: nkhalango ithera pati, munda wa mudzi uyambira pati? Malire amene adziwika ndi a ku ofesi okha ndi msampha kwa mlimi.

Kachiwiri, miyala ya pansi pa nthaka. Lamulo likuti miyala ya mtengo wapatali ndi ya dziko, ngakhale itapezeka pansi pa chimanga chanu. Ku Phiri la Songwe, m'boma lathu lino, kunapezeka miyala yosowa imene maiko olemera aifuna, ndipo mu 2024 Boma linasaina pangano ndi kampani ya Mkango lokhudza mgodi wa kumeneko. Ife sitikana mgodi. Ana athu afuna nchito. Koma kulikonse kumene mgodi ubwera, pamafunika malo a misewu, a madamu ndi a mafakitale, ndipo pamenepo funso limadzuka: mwini munda ndani, ndipo alandira chiani? Banja la chikalata cholimba limakambirana liri chiriri. Banja lopanda kanthu limangolandira chimene lapatsidwa.

Kachitatu, napolo. Mu March 1991 madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi ndi kupha anthu mazanamazana pa Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi kuzungulira phiri lonse. Madzi otere sakokolola nyumba zokha. Amakokolola mtengo umene unali malire, amasuntha mtsinje umene unali malire, amatenganso nkhalamba imene inali kudziwa malire. Ndipo anthu akauzidwa kuti asamuke pa malo oopsa, pamabuka mafunso awiri: munda wakale utsala wa yani, ndipo malo atsopanowo ndi athu kapena tangobwerekedwa? Banja losamutsidwa lisakhale mlendo kawiri.

ZIMENE ANZATHU A MAIKO ENA ANACHITA

Kodi kuthetsa mlandu wa malo ndi voti kunachitikapo kwina? Kunachitika, ndipo maiko anai atiphunzitsa, awiri njira yabwino, awiri dzenje la m'njira.

Ku Texas, chigawo china cha dziko la America, mabanja ena anagula malo mwachilungamo nalipira msonkho zaka zambiri. Pambuyo pake kunatulukira kuti opima malo akalekale analakwitsa miyeso, kotero kuti pa pepala zigawo zina zinali zikali za Boma. Malamulo akulu a kumeneko salola kuti malo otere angoperekedwa, chotero nkhaniyo inapita kwa anthu. Mu November 2005 oponya voti anabvomera kuti Boma lichotse dzanja lake pa malo ena a m'maboma a Upshur ndi Smith. Mlandu umene ukanadya ndalama za maloya zaka ndi zaka unatha ndi kapepala ka voti.

Ku Kenya, pa 4 August 2010, anthu pafupifupi awiri mwa atatu ali onse anabvomera malamulo akulu atsopano. M'menemo analemba poyera kuti nthaka iri ya mitundu itatu: ya Boma, ya anthu a m'dera pamodzi, ndi ya munthu payekha, ndiponso kuti mlendo wosakhala mbadwa angathe kukhala ndi lizi yokha, yosapitirira zaka 99. Milandu ya malo ku Kenya siinathe, koma malo a anthu a kumudzi ali ndi dzina lao m'malamulo akulu, chimene ife tiribe.

Tsopano dzenje. Anansi athu a ku Zambia anaitanidwa ku riferendamu pa 17 June 1969. Funso linali lakuti achotse lamulo lofuna riferendamu posintha magawo otetezedwa, kuti Boma lithe kugwira migodi ndi malo a eni ake okhala kunja. Cholinga chinamveka chokoma, ndipo ochuluka anabvomera. Koma potero anachotsa okha mpiringidzo wa chitseko chao. Pamene dziko lao linasanduka la chipani chimodzi mu 1972, panalibenso chifukwa chowafunsa ndi voti. Mu 1975 lamulo linathetsa umwini wa muyaya wa malo, zikalata zonse zotere zinasanduka lizi ya zaka 100, ndipo nthaka yonse inaikidwa m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko.

Ku Zimbabwe, mu February 2000, anthu anakana pa riferendamu malamulo akulu atsopano amene munali mau olanda mapulazi popanda Boma kulipira nthakayo. Patangopita miyezi iwiri aphungu analowetsa mau omwewo m'malamulo akale. Mu 2005 anaonjezera kuti mwini pulazi sangakatsutse kulandidwako ku bwalo la milandu. Njala ya malo ya anthu a ku Zimbabwe inali yoona, monga iri yathu. Koma funsani mabanja a kuno amene ali ndi abale ao machona kumeneko: ena mwa antchito a m'mapulazi anali a kwathu kuno ndi ana ao, ndipo anataya nchito ndi pogona pomwe, osalandira ndi kamunda komwe. Chitseko cha bwalo chikatsekedwa chifukwa cha wolemera, chimakhala chotsekedwanso tsiku limene wosauka adzagogoda.

Chotero phunziro liri pawiri. Voti ingathe kumasula munda, ingathenso kuumanga. Chachikulu ndi mau amene alembedwa pa kapepalako. Safunsa anadya phula.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Ife tikupempha kuti mfundo zisanu izi zilembedwe m'malamulo akulu a dziko, m'Chichewa chomveka ndi m'ziyankhulo zina za dziko lino, ndipo anthu aponyerepo voti.

1. Munda umene banja liri nawo mwa mwambo, wolembetsedwa kapena wosalembetsedwa, utchulidwe ndi dzina kuti ndi katundu wa banjalo, wolemera pamaso pa lamulo chimodzimodzi ndi chikalata cha esiteti.

2. Pamene mudzi wakhala ndi kulima poyera kwa mbadwo wathunthu pa malo amene mapepala akale awatcha a Boma, monga esiteti imene Boma linagula kapena lizi imene inatha, Boma lichotsepo dzanja ndi kupereka zikalata kwa okhalapo. Nkhalango zotetezedwa, magwero a madzi ndi manda zisalowe m'menemu.

3. Malo a makolo akaperekedwa pa lizi, lizi ikatha abwerere ku mudzi umene anachokera.

4. Munthu asasunthidwe asanalandire chipukuta misozi chake m'manja, ndipo mlimi apatsidwe danga losankha munda m'malo mwa ndalama. Chitseko cha bwalo la milandu chisatsekedwe kwa wina ali yense.

5. Mfundo zimenezi zikhale kuseri kwa mpiringidzo wa gawo 196, ndipo kakhomo kakang'ono kaja kasagwire nchito pa izo.

OTSUTSA AKUTI CHIANI?

Ena akuti izi zidzalanda mafumu mphamvu. Ife tilemekeza mafumu athu, ndipo tiwafunsa mwaulemu: kodi amene anakulandani malo m'zaka za lizi zija anali anthu anu kapena cholembera cha ku likulu? Mfundo yachitatu ikubwezera mudzi malo ake, ndipo mfumu yokhala ndi anthu okhazikika ndiyo mfumu yolimba. Mfumu imene ingadandaule ndi yokhayo imene imagulitsa malo usiku.

Amai ena akuopa, ndipo mantha ao ndi oona. Kuno kwathu ndi kwa chikamwini: munda umayenda kuchokera kwa mai kupita kwa mwana wake wamkazi, ndipo mwamuna amadzalima kwa mkazi. Ngati mkamwini athamangira ku komiti nalembetsa dzina lake lokha, chikalata chimene chinayenera kuteteza mbumba chidzakhala mpeni woidula. Ndicho chifukwa chake mfundo yoyamba ikuti mwa mwambo. Amai, musatsale kumbuyo kwa bwalo pa tsiku lolembetsa. Eni mbumba, imani ndi alongo anu.

Ena akuti munthu akalandira chikalata adzagulitsa munda chaka cha njala, ndipo olemera a m'tauni adzakokolola zonse. Ngozi imeneyi iripo. Koma kugulitsa kukuchitika kale lero, mobisa, pa mtengo wa nkhuku, popanda ana kudziwa. Mankhwala ake ndi lamulo lofuna kuti banja lonse libvomere poyera, osati kumana banjalo umwini.

Ena akuti tifuna kukalima m'phiri. Amene anaika maliro a 1991 ndi a 2023 sangapemphe zotero. Mkungudza ukatha, mitsinje ya Phalombe ndi Likulezi idzauma m'chirimwe ndi kulusa m'dzinja, ndipo woyamba kulira adzakhala mlimi. Tifuna malire oyendedwa pamodzi, a zankhalango, mafumu ndi eni minda, ndi kuikidwa zizindikiro zooneka ndi mwana yemwe.

Ndipo ena akuti riferendamu idya ndalama zambiri, ndiponso siichulukitsa nthaka. Pa ndalama, funsoli lingathe kuponyedwa tsiku limodzi ndi chisankho chachikulu, mabokosi ali pomwepo kale. Pa kuchepa kwa nthaka, akunena zoona. Kuyambira 2004 mpaka 2011 nchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja oposa 15,000, ena a iwo a ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena, koma kuthinana kukalipo. Nkhani ya maesiteti akulu ndi malo ao ogonera ndi mlandu wina umene udzafuna tsiku lake. Koma munthu amayamba wamanga khola la mbuzi zimene ali nazo asanapite kukafuna zina.

NCHITO YA NTHAMBI

Gawo 89 la malamulo akulu lipereka kwa Mtsogoleri wa Dziko mphamvu yoitanitsa riferendamu, ndipo mau osinthira malamulo amadzera ku Nyumba ya Malamulo. Chotero sitingaiitanitse tokha, koma tingathe kuchititsa kuti amene ali ndi mphamvuyo asagone tulo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mlembi wa nthambi iri yonse awerenge kalata iyi mokweza pa msonkhano ukudzawu, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe amve, ndipo mfundo zisanu zija zikambidwe imodziimodzi. Pamene muona kuti mfundo yapotoka, iwongoleni ndi kutitumizira mau. Banja liri lonse liyende malire a munda wake pamodzi ndi anansi ndi anyakwawa mvula isanagwe, ana ali pomwepo. Nkhalamba zimene zidziwa mbiri ya malo a mudzi, za esiteti yakale kapena za lizi imene inadulidwa, zifunsidwe zikali moyo, ndipo mau ao alembedwe m'buku la nthambi. Kumene kuli komiti ya malo, dziwani maina a amene alimo, ndipo muwerenge ngati amai alimo okwanira. Phungu kapena khansala akabwera kudzapempha voti yanu, musamfunse za mpira ndi mabokosi a maliro okha. Mumfunse pamaso pa anthu kuti: kodi mudzaimirira m'Nyumba kupempha kuti nkhani ya nthaka ipite kwa eni ake? Yankho lake lilembedwe, ndi tsiku lomwe.

Makolo athu anagwira thangata pa nthaka imene ena anaigawana ndi cholembera iwo osadziwa. Ife tiri ndi chida chimene iwo analibe, ndicho voti. Tinaigwiritsa nchito mu 1993 posankha mmene tidzalamulidwira. Tiyeni tiipemphenso, kuti tigamule tokha za pamene tiponda.